Mawu Omata m'Buku la Galu

Kalata ya aphunzitsi inali yaifupi, koma a Inki anaiwerenga katatu ali chiimire pakhomo, nsapato asanavule. Inati mwana wawo wamkazi, wa kalasi yachiwiri, watha matemu awiri osayankhula m'kalasi. Kulemba amayesa, kujambula amajambula, koma pakamwa ndi pokhoma. Lachisanu ana onse adzaima kutsogolo mmodzimmodzi kufotokoza nkhani ya m'buku limene aliyense wapatsidwa. Akadzapanda kuyankhulanso tsiku limenelo, aphunzitsi sadzatha kulemba kuti apite kalasi yachitatu. Adzabwereza.

Limenelo linali Lolemba. A Inki anawerenga masiku ndi zala, ngati kuti akhoza kupezapo lina lobisala.

Dzina la Inki anawapatsa anzawo kosindikiza mabuku, chifukwa cha zikhadabo zawo zimene sopo anazilephera kalekale. Mwanayo kunyumba ankamutchula Kankhono. Mlendo akangogogoda, iye ankalowetsa mutu m'mapewa n'kukabisala pansi pa tebulo la makina osokera a mayi ake. Pakhomo ankayankhula ndithu, koma motsitsa, ndipo munthu ukamuyang'anitsitsa mawuwo ankabwerera kumene achokera.

"Bukulo lili kuti?" anafunsa a Inki.

"Pa sofa apo," anayankha akazi awo, mapini ali kukamwa. "Sambani kaye m'manja, ndi la sukulu."

Sanasambe. Anapukuta manja pa thalauza n'kulitsegula. Pachikuto panali mutu wa bukulo ndi galu wofiirira atakhala pa geti. Tsamba loyamba linali ndi galu yemweyo, geti, ndi nkhalamba ya chipewa chabuluu ikutuluka ndi chikwama. Pansi pa chithunzicho panali mpata woyera, waukulu ngati zala zitatu. Mawu panalibe. Anayendetsa masamba ndi chala chachikulu, mofulumira, monga amachitira poyendera ntchito yotsika pa makina. Masamba khumi ndi anayi, mipata yoyera khumi ndi inayi.

"Amake mwana, bukuli ndi lotaya. Mawu anagwa."

"Anagwera kuti?"

"Anagwa pa kompyuta asanapange mapuleti osindikizira. Zimachitika. Ife chaka chija tinasindikiza makalendala zikwi ziwiri opanda madeti. Zithunzi zokongola, dzina la mwezi lili pamwamba, masiku palibe."

"Mwina ndi mmene analipangira."

"Munthu angasiye mpata wotere dala? Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndili pa makina ine. Buku lotere limapita mu bini." Analitseka, analitsegulanso. "Mwana wosayankhula, ndiye amupatsenso buku losayankhula. Aziyang'anizana awiriwo mpaka Lachisanu?"

Akazi awo analavulira mapini m'dzanja ngati akufuna kunena kanthu, koma a Inki anali atatuluka kale pakhonde. Anabwerera, anakhala pansi. Anaimiriranso. Kankhono anali pakona akuveka mlongo wake wakhanda sokosi, maso ali pa buku limene linali m'manja mwa bambo ake.

M'mawa mwake a Inki analilowetsa m'chikwama chawo, pakati pa ovololo ndi botolo la madzi, osauza munthu.

Kuntchito anadikira nthawi yopuma masana. Makina atazima, m'chipindamo munatsala fungo la inki ndi mafuta, ndi kulira kwa fani ya kudenga. Anaitana mnzawo wodula mapepala, munthu wamtali amene onse ankamuti a Lumo.

"Kodi mwasanduka mlembi tsopano?" anatero a Lumo, atatsamira pa mulu wa mapepala. "Tizikupatsani moni ndi manja awiri?"

"Ndithandizeni, achimwene. Apa galu akutani?"

"Waba nyama."

"Ndi buku la ana ili."

"Ndiye ana sadziwa kuti agalu amaba?"

A Inki anayang'ana zithunzizo monga munthu wa ntchito yawo amayang'anira. Anaona kuti mtundu wabuluu watsetsereka pang'ono pa chipewa. Anaona kuti tsamba lachisanu ndi lotuwa kuposa anzake. Pafupi ndi kamwa la galu panali kadontho kachikasu, pa masamba ambiri.

"Onani ichi. Ngakhale rabala ya makina awo inali ndi fumbi. Anthu osasamala."

Nkhani yake anaiona kuti ndi yosavuta. Galu watuluka, wayenda m'misewu, wawoloka mlatho, mvula yamupeza, wafika pokwerera basi, wapeza mbuye wake. Anasankha zilembo zikuluzikulu zozungulira, zoti mwana asavutike nazo, n'kulemba ziganizo khumi ndi zinayi. Galu watuluka pa geti. Galu wasochera. Galu ali ndi mantha. Mvula yayamba ndipo galu akulira. Pa tsamba lomaliza analemba kuti: Ana, tisamachoke pakhomo osatsanzika.

"Mwatsekera ndi ulaliki," anatero a Lumo. "Patsala chopereka."

Anasindikiza pa pepala lomata limene linatsala pa ntchito ya mabotolo a mafuta ophikira, la mtundu uja wosamatuka ngakhale ulinyike m'madzi. A Lumo anadula timizere khumi ndi tinayi tofanana ndendende. A Inki anayeza ndi lula, anaika timadontho ta pensulo, anamata kamodzikamodzi n'kusalaza ndi chikhadabo. Atamaliza, bukulo linkaoneka ngati linabadwa choncho. Mtima wawo unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chiwerengereni kalata ija.

Madzulo anapeza makushoni a sofa ali pansi, ndipo Kankhono maso ali ofiira. Anali atafuna bukulo tsiku lonse.

"Nali, mwanawe. Ababa alikonza. Tsopano lili ndi mawu."

Mwanayo analilandira ndi manja awiri. Anatsegula tsamba loyamba, anayang'ana galu, kenako maso anatsikira pa kamzere katsopanoko. Anaika chala pa chilembo choyamba. Milomo inagwedera pang'ono. Chala chinasuntha, chinaima, chinabwerera. Anatembenuza tsamba, anayang'ananso pansi pokhapokha. Kenako analitseka mosamala, analiika pa mkono wa sofa, n'kukwawira pansi pa tebulo la makina.

"Watopa," anatero a Inki. Akazi awo anangopalasa makina mwamphamvu kuposa mmene nsaluyo inkafunira.

Lachitatu anaweruka msanga n'kumukhazika mwanayo pa mpando.

"Nena pambuyo panga. Galu wasochera."

Zii.

"Ndi mawu awiri okha. Ga-lu. Tiye."

Kankhono ankayang'ana batani la malaya a bambo ake. Anayesa momunyengerera, anayesa mokweza mawu, analonjeza kuti Loweruka apita naye kukaona makina aakulu. Anazungulira tebulo kawiri, anatsegula windo, analitsekanso. Mwanayo mapewa anali atafika m'makutu. Ngakhale pomufunsa ngati akufuna madzi, anangopukusa mutu.

"Musiyeni apite panja," anatero akazi awo. Mwanayo atatuluka, anachotsa phazi pa chopalasira. "Bambo a Kankhono, khalani pansi. Mukundizunguza mutu."

Anakhala m'mphepete mwa sofa.

"Lolemba masana, inu muli kuntchito, analowa nalo bukulo pansi pa tebulo pano ndi mlongo wake. Ola lathunthu akulongolola. Galu anali ndi mawu ake, nkhalamba mawu ake, ngakhale basi inali ndi mawu. Ine ndinasiya kupalasa kuti ndisamudodometse. Mpendero wa diresi la eni ake ndinaumaliza ndi singano ya pamanja."

"Bwanji osandiuza?"

"Munandipatsa mpata? Munali pa makalendala anu."

A Inki anayang'ana pansi pa tebulopo. Panali tizidutswa ta nsalu ndi sokosi imodzi.

"Ndipo galu wanuyo sanasochere," anapitiriza akazi awo. "Akuthamangira nkhalambayo ndi kiyi. Inagwetsa pa geti."

"Kiyi uti?"

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kagalasi kokulitsira kamene amayang'anira timadontho ta inki. Anawerama pa tsamba lachiwiri. Kadontho kachikasu kaja kanali ndi mano atatu ndi kachingwe. Anabwerera tsamba loyamba. Kiyi anali pansi, pafupi ndi nsapato ya nkhalamba, ndipo galu ankamuyang'ana. Anakhala chiweramire nthawi yaitali.

Lachinayi m'mawa anafika kuntchito geti lisanatsegulidwe. A Lumo atabwera, anayesa limodzi. Anayesa ndi nsonga ya kampeni, anayesa kutenthetsa ndi mpweya wa makina oumitsira. Kamzere ka tsamba loyamba kanatukuka pakona, a Inki anakoka pang'onopang'ono, ndipo kanachoka ndi khungu la pepala, n'kutenganso theka la geti.

"Lekani," anatero a Lumo. "Mukapitiriza, galu atsala wopanda miyendo."

Tsiku lonse ntchito sinayende. Mapepala anapanikizana m'makina kawiri. Ankayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako ya pa foni, ngati ziwirizo zikhoza kusiyana. Nthawi ya 3 koloko anapempha bwana kuti atuluke pang'ono, n'kuyenda wapansi mpaka kusukulu, bukulo lili mu envelopu yaikulu.

Ana anali ataweruka. M'kalasi munali timipando tating'ono tosanjikizana, zojambula za ana pakhoma, ndi aphunzitsi, mayi wochepa thupi wa choko m'zigongono, akufufuta bolodi. A Inki anadzifotokoza kuti ndi bambo a ndani. Pokhala panalibe, kupatula kampando ka mwana. Anakhalapo, mawondo ali pafupi ndi chibwano.

Aphunzitsi anatulutsa bukulo n'kutembenuza masamba onse. Pa tsamba lomaliza anaima, n'kupumira m'mwamba.

"Ndani anakuuzani kuti mawu akusowa, bambo?"

"Maso angawa, Madamu. Ndi ntchito yanga. Ndinaona mipata."

"Mabuku amenewa timawapereka dala. Mwana amene zilembo zimamupunthwitsa amakhala nayo nkhani m'mutu. Ine ndimafuna ndimve ngati akudziwa chimene chinayamba, chimene chinatsatira, ndi chifukwa chake. Mwina ndikanalemba zimenezi m'kalata muja." Anayesa kamzere kena ndi chikhadabo. "Mwamata bwino, zimenezo sindingakane."

"Palibe lina loti mumupatse?"

"Onse ali ndi ana. Komanso mawa ndi mawa. Galu ameneyu ndiye amene amamudziwa."

"Ndikhoza kulijambula pa makina athu, n'kufufuta mawuwo, n'kusindikiza latsopano. Lero lomwe. Simungasiyanitse."

"Mwakonza zokwanira, bambo." Sananene mwaukali. "Pepala si vuto. Mwana waona kuti pali yankho lolondola, lolembedwa ndi bambo ake, ndipo si lake. Zimenezo simungafufute ndi makina."

A Inki anafuna kuimirira, kampando kanawakanirira m'chiuno. Anakhalanso.

"Ndiye titani? Mungamupatse sabata ina?"

"Mapepala amapita kwa ahedi mawa masana. Sindingalembe kuti ndamumva ndisanamumve." Anawabwezera bukulo. "Abwere nalo choncho. Ndipo lero musamuyeserere chilichonse. Mumusiye."

Anamusiya. Zinali zovuta kuposa kukonza makina. Anakonza chitseko cha kabati chimene sichinawonongeke, anapukuta nsapato za nyumba yonse, anatuluka kukaima pamsewu n'kubwerera. Bukulo linakhala pa mkono wa sofa, ndipo Kankhono ankalilambalala ngati mbaula yamoto.

Lachisanu a Inki anayatsa makina nthawi yake. Pofika 10 koloko anali ataiwala kuthira inki yofiira, ndipo mapepala makumi asanu anatuluka ndi nkhope za anthu zobiriwira.

"Pitani," anatero a Lumo, akuzimitsa makinawo. "Mutiphera ntchito pano. Bwana akafunsa ndinena kuti m'mimba mwakuvutani. Nkhope yanuyo ikuvomereza."

Anathamanga theka la njira. Kusukulu sanalowe m'kalasi. Anazungulira kuseri, kumene kunali zitini za maluwa ndi mpopi wodontha, n'kuima pambali pa windo lotsegula, diso limodzi lili mkati.

Mtsikana wina wa maliboni anali kumaliza nkhani ya ambulera youluka, akuyankhula ngati wailesi. Ana anaomba m'manja. Kenako aphunzitsi anayang'ana pa pepala lawo.

"Tiye, mwanawe. Ndi nthawi yako."

Kankhono anayenda m'mbali mwa khoma mpaka kutsogolo. Anatsegula bukulo n'kuligwira pachifuwa, zithunzi zikuyang'ana anzake, mutu uli pansi. Mpando wina unalira. Wina anatsokomola. Kumbuyo kunayamba kuseka kobisa. Aphunzitsi anadikira, anadikirabe, n'kuyang'ana wotchi ya pamkono. A Inki anagwira chitsulo cha windo.

"Chabwino," anatero aphunzitsi. "Poti mwini wake sakufuna, ndingowerenga zimene zalembedwa." Anagwada pambali pa mwanayo, osamulanda bukulo, n'kuwerenga ndi mawu ouma, ngati akuitana mayina. Tsamba loyamba, long'ambika lija, linalibe mawu. Anatembenuza. "Galu wasochera." Anatembenuzanso. "Galu ali ndi mantha."

A Inki anamva mawu awo omwe akutuluka pa windo, ndipo anali oipa kuposa mmene ankaganizira.

"Ndi wopusa galu ameneyo," anatero mwana wina wa mzere wakutsogolo, wopanda mano awiri. "Kusochera pafupi ndi kwawo pomwe?"

Kalasi inaseka.

"Si wopusa."

Mawuwo anali aang'ono kwambiri moti a Inki anaganiza kuti ndi mpopi uja. Aphunzitsi sanatembenuke. Anangoyang'anabe m'buku.

"Sindinamve. Pano palembedwa kuti wasochera."

"Sanasochere." Kankhono anaika chala pa kamwa la galu. "Agogowa agwetsa kiyi. Akuwapititsira."

Ana a kutsogolo anadzuka kuti aone. Wopanda mano uja anayandikitsa mphuno pa tsambalo.

"Nanga bwanji sakuuwa kuti aime?"

"Akatsegula pakamwa kiyi agwa." Anamuyang'ana ngati amene wafunsa zopanda nzeru. "Apa pali ngalande. Akagwera mmenemo, agogowa agona panja."

Anatembenuza tsamba yekha. Aphunzitsi anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anakatsamira pa tebulo lawo. Mwanayo sanadzutse mutu, ankayankhula ndi bukulo, koma ankayankhula. Galu anadikira magalimoto adutse. Galu anakumana ndi mphaka amene anamunena kuti wanyamula fupa lachabechabe, iye osayankha. Pa mlatho mawu a Kankhono anasintha, anakhala okalamba ndi onjenjemera, nkhalamba ikudandaula za mawondo ake. Lole inadutsa pamsewu n'kumeza zonse, ndipo a Inki, pofuna kumva, anasuntha n'kuima pakati penipeni pa windo.

Kankhono anadzutsa maso. Anawaona.

Pakamwa panatsekeka pomwepo, mapewa anakwera. A Inki anagwa chogwada pakati pa zitini za maluwa, bondo limodzi m'matope a mpopi. Anakhala pamenepo akumvetsera. Munali zii. Kenako anamva mawu a aphunzitsi, osamveka bwino, kuomba m'manja, ndi mipando ikukokedwa. Sanadziwe ngati kuombako kunali kwa nkhani yatha kapena kwa chisoni. Anakhalabe chogwada mpaka belu linalira.

Ana atatuluka kukasewera, anazungulira n'kukaima pakhomo la kalasi, akupukuta bondo ndi dzanja. Aphunzitsi anali kulemba.

"Anafika tsamba lachisanu ndi chinayi," anatero osadzutsa mutu. "Kenako anaona munthu pa windo."

"Pepani, Madamu. Ndiye zikhala bwanji?"

"Ndamumva. Ndalemba kuti apita kalasi yachitatu." Anatseka cholembera. "Koma musaganize kuti zatha. Mphunzitsi wa chaka chamawa adzayambanso naye poyambira. Buku la galuli likhala langa, ndizidzaonetsa makolo ena."

"Musadzanene kuti ndi ine."

"Sindidzanena. Zikhadabozo muzidzabisa nokha."

A Inki anaseka pang'ono. Kankhono anali asanatuluke. Anaima pa shelefu ya kumbuyo, pamene panali mabuku amene anzake abweza. Aphunzitsi anamuuza kuti asankhe limodzi la pa holide. Anasankha mosafulumira, anatenga lina la chikuto chobiriwira, anasuzumira mkati. Kenako anayang'ana bambo ake, anayang'ana chikwama chawo, n'kukweza juzi yake, kulowetsa bukulo pamimba, n'kupinda manja pamwamba pake.

Anadutsa pakhomopo chammbali, osawakhudza, n'kupita kukasewera.